Mwendo Wamanzere wa Myron Pawluk

Edmonton,
14 Seputembala 1997

Achemwali a Lesia,

Moni wa kuno. Muli bwanji inu ndi bambo? Tirigu mwamaliza kukolola, kapena mvula yakuchedwetsaninso ngati chaka chatha? Ine ndili bwino, kupatula mwendo wamanzerewu umene umachita zake osandifunsa.

Nkhani ndi iyi. Andiitana ku kampu yosankha osewera a timu ya dziko. Tidzakhala anyamata makumi atatu, ndipo adzatenga theka kuti akasewere ku Japan m'mwezi wa Malichi, pa mpikisano waukulu umene umachitika zaka zinayi zilizonse. Kusitolo kumene ndimanola mipeni ya nsapato za hoke andipatsa tchuthi cha masabata awiri. Bwana wanga akuti ndikapita ku Japan apachika chithunzi changa pakhomo, ndikalephera achipachika kuchimbudzi.

Chilimwe chija bambo anandifunsa ngati hoke yathuyi ndi yeniyeni, kapena ndi zongotisangalatsa ife oduka miyendo. Ndinalephera kuyankha chifukwa pakamwa panali podzaza ndi mapirogi anu, zitumbuwa zanu za mbatata zija. Muwauze kuti bwalo la ayezi ndi lomwelo, kambale timamenyako ndi komweko, ndipo mano amaguluka chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'koti timakhala pa kangolo kachitsulo kokhala ndi mipeni iwiri pansi, atatimangirira ndi malamba. Ndodo timagwira ziwiri zazifupi. Mbali ina timamenyera kambale, mbali inayo ili ndi mano achitsulo amene timabaya pa ayezi podzikankha.

Mnzanga wapamtima pano ndi Réjean, wa ku Quebec. Sitima inamudula miyendo yonse ali mwana, ndiye kangolo kake n'kakafupi, amazungulira pamalo amodzi ngati nguli. Kanga n'kakatali chifukwa bondo lamanzereli silipinda, mwendo umangoti tantha kutsogolo. Dzana wandiuza pamaso pa timu yonse kuti, "Iwe Myron, ukafuna kukhota uzitiuziratu dzulo lake, tizikupatsa njira." Ndinamugunda mpaka anakagwera kukhoma. Anadzuka akuseka, n'kunena kuti, "Kugunda umatha, mlimi. Koma ukuyenda ndi katundu wambiri."

Munditumizire masokosi, kuno kwayamba kuzizira. Mundiuzenso ngati ng'ombe yofiira ija inabereka.

Mlongo wanu,
Myron


Verbova, Saskatchewan,
28 Seputembala 1997

Myron,

Moni nawenso. Kalata yako yafika Lachinayi, ndipo Loweruka ndinapita nayo kufamu. Ine ndili bwino, ana a sukulu sanandiphe. Tirigu tamaliza. Ng'ombe yofiira inabereka kale mu Epulo, unali pompano ndipo unaiona, koma mutu wako unali pa ayezi.

Masokosi ndatumiza atatu. Mai a kusitolo ya ulusi mpaka lero amandifunsa chifukwa chake ndimaluka imodziimodzi, pamene akudziwa bwinobwino. Anthu a kuno akasowa nkhani amabwereza yakale.

Usamaimbe foni ukakhala ndi mawu ofunika. Makutu a bambo anatha ndi thirakitala, ndipo ine ndikawafotokozera amati ndathira mchere. Lemba, aziwerenga okha ndi magalasi awo. Kalata iyi anaiwerenga ataimirira pawindo. Za Japan sananene kanthu. Anangofunsa kuti, "Kambale kaja kakamenya mwendo, amavalapo chiyani?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Umulembere azisamala mwendo." Ndiye ndalemba.

Usawaone ngati ouma mtima. Ukudziwa kuti kwa iwo mwendo umenewo si wako wekha. Ndi iwo anakuzula m'makina okwezera tirigu m'nkhokwe aja, zala zawo ziwiri n'kutsala momwemo. Wamanja unali utapita kale, palibe akanauchitira kanthu. Koma madokotala atafuna kudula yonse iwiri, ndi iwo anaima pakhomo la chipinda, magazi ali thupi lonse, n'kunena kuti umodzi usiyidwe. Iwe unali chikomokere, ine ndinalipo. Papita zaka zisanu ndi zitatu, koma mlendo akafika pakhomo amamuuzabe kuti, "Mwana wanga amayenda." Samanena kuti amasewera hoke, amanena kuti amayenda.

Ukasewere bwino ku kampuko. Mnzako wa ku Quebec uja umuuze kuti pakamwa pake padzamupweteketsa. Undilembere msanga zikatha, usandimvetse kwa anthu.

Mlongo wako,
Lesia


Edmonton,
26 Okutobala 1997

Achemwali, komanso bambo,

Moni nonse. Ndikhulupirira muli bwino. Chipale chagwa kale kumeneko?

Sananditenge. Mayina anawapachika pakhomo la chipinda chosinthira zovala pa 19, ndipo langa panalibe. Réjean amutenga. Mphunzitsi wa timu anandiitana pambali, munthu wosazungulira. Anati, "Manja uli nawo, mutu uli nawo, mantha ulibe. Koma iwe ukamamaliza kukhota, masewera amakhala atapita kale mbali ina." Ndinamuthokoza, n'kukalongedza katundu wanga. Chithunzi changa chili kuchimbudzi monga bwana analonjezera.

Pali inanso. Tsiku lachitatu la kampu kambale kanandimenya pamsongolo, pomwe panali bala lakale. Ndinavalapo zotchinga zonse, bambo, koma chilonda chinatsegukabe. Ndinamanga n'kupitiriza kusewera. Nditabwerera kuno chinayamba kutulutsa mafinya, ndipo pa 22 ndinapita kwa dokotala. Akuti matenda a m'fupa aja abwereranso. Aka n'kachinayi.

Wandipatsa njira ziwiri. Yoyamba ndi yomwe tikuidziwa: atsegule, apale fupa, ndigone miyezi inayi, kenako tidikire chaka chimodzi kapena ziwiri kuti zibwererenso. Imeneyo ikhala opaleshoni ya khumi ndi chiwiri pa mwendo umodzi. Yachiwiri n'kudula pamwamba pa bondo, kufanana ndi winawu. Ndinamufunsa kuti ukanakhala mwendo wake akanatani. Anati funso limenelo sayankha. Anatseka faelo, anatsuka m'manja, ali pakhomo n'kunena kuti, "Ine ndikanatopa nawo kalekale."

Bambo, ndime iyi ndalembera inu. Ndasankha njira yachiwiri. Sindikupempha chilolezo, chifukwa mukakana ndidzachitabe, ndipo zidzapweteka kawiri. Koma sindikufuna kuti mumve zitachitika kale. Ndikudziwa chimene munachita tsiku lija. Ndikudziwanso kuti mukamagwira kapu ya tiyi ndi zala zitatu mumakumbukira, ngakhale simunena. Mwendowu munaupulumutsa ndipo wandiyendetsa zaka zisanu ndi zitatu. Tsopano watha.

Tsiku sanandipatse. Akuti mwina Januwale. Mundiyankhe, ngakhale mawu ake akhale otani.

Myron


Verbova,
9 Novembala 1997

Myron,

Moni. Tili moyo. Chipale chagwa, misewu akuikonza mwa apo ndi apo.

Wapempha yankho, ndiye nali. Bambo anawerenga kalata yako kawiri, anaipinda bwinobwino, n'kuitsamiritsa pansi pa mbale ya shuga. Kenako anavala chikhoti n'kupita kukadyetsa ng'ombe zimene anali atazidyetsa kale. Anabwerako patapita maola awiri. Ndinawaikira msuzi wa bitiruti, anadya theka. Ndinati, "Bambo, ndimulembere chiyani?" Anati, "Akudula mwendo kuti afanane ndi mnzake wolankhula Chifalansa uja." Ndinati dokotala wanena za fupa. Anati, "Fupa linadwalapo katatu. Katatu konse sanalembe kalata yotere." Basi, mawu awo ndi amenewo.

Anga ndi awa. Ine ndimaphunzitsa masamu, ndipo masiku ndimatha kuwerenga. Pa 19 akusiya pa timu. Pa 22 uli kwa dokotala. Pa 26 wagamula kale. Zaka zonsezi unkapirira, maopaleshoni khumi ndi imodzi, ine ndikugona pa mipando ya m'chipatala mpaka msana unakhota. Lero munthu wa wezulo wakuuza kuti umachedwa kukhota, sabata imodzi yokha wapereka mwendo. Ukufuna ndikhulupirire kuti zangokumana?

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Akuluakulu amati mwana akalirira nyanga ya msatsi umusemere imufotere yekha. Ndikanakusiya ukanakhala ukulirira galimoto kapena mkazi wolakwika. Koma ichi ukachidula sichiphukanso. Hoke udzasewera zaka zingati, khumi? Pambuyo pake udzakhala munthu wa zaka makumi anayi wosatha kufikira shelefu. Masitepe a kufamu udzakwera bwanji?

Nkhaniyi yafika kale kutchalitchi, sindikudziwa yadutsa pati. Mai Koval anandigwira dzanja pakhomo, maso ali mwaa, n'kunena kuti, "Tamva kuti ku Japan amalola opanda miyendo okhaokha, mwana wathu wachita kudzipereka." Ndinawauza kuti inde, ndipo chaka chamawa adzafunanso opanda lilime, akonzeke.

Undiuze zoona. Ndi fupa kapena ndi hoke?

Lesia


Edmonton,
23 Novembala 1997

Achemwali,

Moni. Zikomo poyankha. Mai Koval muwapatse moni wanga, muwauze kuti timu ikuwadikira.

Mwafunsa ngati ndi fupa kapena hoke. Mukufuna ndiname kuti hoke mulibemo? Ilimo. Usiku umene dzina langa linasowa papepala ndinauyang'ana mwendowu ndipo ndinadana nawo. Ndikapanda kunena zimenezi ndiye kuti zina zonse ndikunama.

Koma imvaninso izi. M'mawa uliwonse ndimatha ola lathunthu ndikutsuka chilonda ndisanavale buluku. M'basi anthu amasuntha pang'onopang'ono, mwaulemu, chifukwa cha fungo. Mtsikana uja Colette sanachoke chifukwa cha ntchito ya ku Calgary monga ndinakuuzirani. Kuyenda kumene bambo amanyadira ndi mapazi mazana awiri, ndi ndodo ziwiri, mwendo wina wapulasitiki, winawu ukuwotcha ngati ndauviika m'madzi owira. Ndikafika pakhomo panu ndimamwetulira, inu n'kumati Myron akuyenda bwino chaka chino. Ndinkakunamizani chifukwa zinkakusangalatsani, ndipo kulakwa kumeneko ndi kwanga.

Katatu kaja ndinkapirira chifukwa sindinkadziwa kuti munthu angakhale bwanji wopanda yonse iwiri. Tsopano ndawaona. Réjean amayendetsa galimoto, ali ndi ana awiri, denga la nyumba yake anafolera yekha. Pa ayezi ndi malo okhawo amene palibe amandidikira kapena kunditsegulira chitseko. Ngati hoke yandionetsa kuti ndingathe, kodi chimenecho n'chifukwa choipa? Mwina ku timu ya dziko sadzanditenga ngakhale pambuyo pa zaka zinayi. Ndidzakhalabe nditagona tulo.

Tsiku andipatsa, ndi 13 Januwale. Khirisimasi yathu ya pa 7 Januwale sindibwera. Sindingathe kukhala patebulo, zakudya khumi ndi ziwiri za mwambo zili patsogolo, bambo akuyang'ana pansi pa tebulo. Kalata iyi muwapatse kapena musawapatse, muone nokha.

Mundiuze mmene akukhalira. Akudya?

Myron


Verbova,
14 Disembala 1997

Myron,

Moni. Kuno kwazizira mpaka galimoto imakana kulira m'mawa. Iwe chilonda chikuti bwanji?

Kalata ija ndinawapatsa. Ndinaganiza kuti ngati ine yandipweteka, nawonso iwapweteke, tigawane. Anaiwerenga kamodzi kokha. Ili pansi pa mbale ya shuga pamodzi ndi inzake. Akudya, koma dzina lako sanalitchule kuyambira tsiku limenelo. Akafuna kunena za iwe amati "wa ku Edmonton."

Kawiri konse apita kwa ansembe pakati pa sabata, chinthu chimene sanachitepo chimwalirire mayi. Ndikuganiza kuti akufuna ansembe akulembere kalata yokuletsa. Ukailandira usadabwe. Dzulo andipempha pepala ndi envulopu. Ndinati ndiwalembere, anati ali ndi manja awo. Zala zitatu, koma manja awo.

Za Colette ukanandiuza. Za fungo ndinkadziwa, ndinkangotsegula windo n'kumati m'nyumba mwatentha. Ndiye tonse tinkanamizana, usadzitengere ulemu wonse.

Sindikuvomereza, koma ndasiya kulimbana nawe. Sokosi imene ndinayamba ili m'dengu, yafika pachidendene. Sindikudziwa ngati ndiimalize. Pa 13 sindingachoke kusukulu, mayeso ayandikira, ndiye upereke nambala yanga kuchipatala. Patebulo la Khirisimasi ndidzakuikira mbale pafupi ndi ya mayi, ngakhale mbale imeneyo timaikira akufa ndi apaulendo. Iwe udzisankhire gulu.

Lesia


Edmonton, m'chipatala,
15 Januwale 1998

Achemwali,

Moni. Zilembo zikhotakhota, ndi mankhwala. Inu muli bwanji? Khirisimasi inayenda?

Zatheka. Ndinalowa Lachiwiri m'mawa, ndinadzuka masana. Dokotala akuti fupa linali loipa kuposa mmene zithunzi zinkaonetsera. Sindikunena izi kuti ndipambane mlandu, ndangobwereza zimene wanena. Ululu ulipo, koma ndi ululu wa bala loyera, umene ukudziwa kuti udzatha. Chala chachikulu chamanzere chikundiyabwa, ndipo palibe pokanda.

Réjean anabwera dzulo. Maluwa sanabweretse, anabweretsa tepi yoyezera. Anandivundukula bulangete n'kuyamba kuyeza, pensulo ili pakamwa. Namwino atalowa anati, "Bambo, mukutani?" Iye anati, "Ndikuyeza kangolo, mayi. Munthuyu wakhala akuyendetsa chibasi zaka zisanu, tsopano timupatse galimoto." Anamutulutsa. Ali pakhomo anatembenuza njinga yake ya olumala n'kundiuza kuti ndikachira ndisayembekeze chifundo, malo ake pa timu sapereka kwa mlimi.

Akuti pa ayezi ndingabwerere mu Epulo ngati bala lipola bwino.

Kuchokera kwa bambo sindinalandire kanthu, ngakhale kwa ansembe. Lolemba ndinatsika kawiri kukayang'ana m'bokosi la makalata ndisananyamuke. Ndinkayembekezera ngakhale chitukwano. Zandipweteka kuposa mmene ndinkaganizira, koma ndinanena ndekha kuti sindikupempha chilolezo, ndiye ndilibe pokadandaula.

Myron


Verbova,
16 Januwale 1998

Myron,

Moni. Kuchipatala andiuza pa foni kuti zayenda bwino, ndipo ndathokoza Mulungu. Ukumva bwanji? Werenga kalata yanga iyi usanatsegule inayo.

Ndalakwa, ndipo ndinena mwachindunji. Pa 2 Januwale bambo anandipatsa envulopu yomata, dzina lako lili pamwamba. Anati, "Uponye lero." Ndinaigwira, inali yonenepa. Ndinakumbukira nkhope yawo ya miyezi iwiri ija, ndi maulendo a kwa ansembe, ndipo ndinati m'menemu muli mawu amene munthu sayenera kuwerenga akupita ku mpeni. Ndinaiika m'kabati ya kusukulu, pansi pa maregista. Ndinati ndidzaitumiza ukachira. Pa Khirisimasi anandifunsa ngati ndinaponya, ndipo ndinati inde.

Lachitatu ndili m'sitolo, mai Koval anandipeza. Anati, "Pepani ndi zovuta. Watisiya ndani?" Ndinati palibe. Anati, "Nanga utsi wa kumanda uja? Masiku atatu bambo anu akuwotcha nthaka pafupi ndi malemu mayi anu." Ndinasiya dengu pomwepo.

Bambo ndinawapeza kumanda. Anali atawotcha mapesi a tirigu ndi malasha kuti nthaka isungunuke, monga amachitira pa maliro a m'chisanu, ndipo anali akukumba okha ndi piki. Dzenje lake laling'ono, lotalika ngati mkono ndi theka, koma lakuya. Ndevu zawo zinali zitaundana. Ndinati, "Bambo, ichi n'chiyani?" Sanasiye kukumba. Anati, "Bokosi lifika liti?" Ndinati bokosi lanji. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Myron akudziwa. Ndinamulembera."

Anakutchula dzina. Ine ndinawagwirira fosholo.

Dzulo ndaimbanso kuchipatala. Mayi amene anayankha anandiuza mwaulemu kuti popeza palibe anaupempha, mwendo wako unatenthedwa tsiku lomwelo monga mwa nthawi zonse. Bambo sindinawauze. Mawa akufuna kupita ku Yorkton kukafunsa kwa okonza maliro ngati katundu wawo wafika, ndipo ndawanamiza kuti msewu watsekeka.

Kalata yawo nayi. Sindinaitsegule. Undiuze chochita, chifukwa nzeru zanga waziona kumene zatifikitsa.

Lesia


Kufamu,
2 Januwale 1998

Myron,

Moni. Ng'ombe zili bwino. Kwazizira. Iwe uli bwanji?

Ine kulemba sinditha ngati mlongo wako, ndiye ndinena kamodzi. Mwendo ndi wako. Sindikugwirizana nazo. Ndawerenga za fungo ndi za mtsikana, ndipo ndikanadziwa sindikanamauza alendo zimene ndinkawauza. Chita zimene waganiza.

Pali chimene sindinakuuze, ngakhale Lesia sakudziwa. Mwendo woyamba sunatayidwe. Iwe ndi mlongo wako muli kuchipatala ndinakaupempha kwa madokotala. Anandiyang'ana ngati wamisala koma anandipatsa. Ndinakhoma bokosi la matabwa a nkhokwe yakale, ndipo ine ndi ansembe akale aja tinauika pafupi ndi mayi ako, mbali ya kum'mwera. Bambo anga ankati kwawo ku Ukraine chiwalo cha munthu sichitayidwa, chimakadikira mwini wake kumanda, kuti tsiku lomaliza asadzayendeyende kufunafuna. Ansembe atsopanowa akuti Mulungu safuna thandizo langa pa zimenezo. Ndapitako kawiri, avomera.

Uwauze madokotala asautenthe. Pepala la ansembe ndi la okonza maliro a ku Yorkton ndaikamo, ungowapatsa, iwo akudziwa katumizidwe kake. Uwauze msanga, anthu a m'zipatala sadikira. Nthaka yaundana kwambiri chaka chino. Ndiyamba kuwotcha pa 11 kuti pofika pakhale pokonzeka.

Tsiku la ngozi lija, mnansi wathu Petro Koval akuyendetsa galimoto, ine ndinaugwira mwendo wamanzerewo ndi manja anga mtunda wonse mpaka kuchipatala. Sindikufuna ukathere m'ng'anjo pamodzi ndi nsanza. Chimene ndikupempha ndi chokhacho.

Pa 13 ndidzayatsa kandulo.

Bambo ako,
Orest Pawluk


Edmonton, m'chipatala,
24 Januwale 1998

Achemwali,

Moni. Ndalandira zonse ziwiri. Ndinakwiya nanu masiku awiri. Tsiku lachitatu ndinadzifunsa ngati ndikanaitsegula ikanafika pa nthawi yake, ndipo sindikudziwa. Mwina nanenso ndikanaiika pansi pa china chake. Musawauze bambo kuti ndi inu. Pepala lachiwirili muwapatse lero lomwe, musaliike m'kabati.

Myron

Bambo,

Moni. Ndili bwino, bala likupola. Msana wanu uli bwanji pambuyo pa kukumba?

Kalata yanu yafika mochedwa, zonse zitachitika kale. Mwendo anautentha pa 13. Ndafunsa ngati pali phulusa, akuti palibe limene angati ili ndi langa. Bokosi silibwera. Pepani, bambo. Munapempha chinthu chimodzi ndipo sindinakupatseni.

Ndawerenga kalata yanu kambirimbiri. Zaka zonsezi ndakhala ndikuima pa manda a mayi ndi ndodo zanga, osadziwa kuti ndaima pafupi ndi mwendo wanga. Munandisiya ndikudandaula za udzu wautali mbali ya kum'mwera, inu osanena kanthu.

Ndili ndi pempho. Dzenjelo musalikwirire. Ndikufuna ndidzalione, ndipo mudzandionetse pamene pali woyambawo. Tidzakwirire limodzi, ngakhale mulibe kanthu. Manja ndili nawo, mphunzitsi wa timu ya dziko ananena yekha. Dokotala akuti ndingakwere basi kumapeto kwa Febuluwale.

Ngati mwakwirira kale, palibe kanthu. Mungondiuza.

Mwana wanu,
Myron


Kufamu,
3 Febuluwale 1998

Myron,

Moni. Ng'ombe zili bwino. Msana uli bwino. Bala ulisamale.

Mlongo wako wandiuza yekha zimene anachita. Iwe unkafuna kumubisa. Nonse awiri munatengera mayi anu. Sindinamulankhule mpaka Lamlungu, kenako anabwera ndi mapirogi, tinadya.

Ansembe afunsa kuti m'dzenjemo tiikamo chiyani. Ndawauza kuti palibe. Akuti ndiye pemphero lake salidziwa. Ndati asavutike, tidzakhala atatu basi.

Sindinakwirire. Ndaphimba ndi matabwa, koma mphepo imalowetsabe chipale, ndiye m'mawa uliwonse ndimapitako ndi fosholo. Si ntchito yaikulu. Undiuze tsiku, ndidzakudikira pa depoti ku Yorkton.

Kuchokera pachipata cha manda mpaka pamalopo njinga yako singadutse, chipale chafika m'chiuno. Ndidzakubereka. Lesia akuti pa zaka zanga sindingathe. Ndamuuza kuti tsopano wapepuka.

Bambo ako,
Orest Pawluk